Kumanga kompyuta ya magemu nokha, ndi poyambira ikakana kuyaka

Anthu ambiri omwe amagula zida kuti amange okha kompyuta ya magemu amagwera pa dzenje limodzi: alumikiza zonse, atseka kesi, adina batani, mafani akuzungulira bwinobwino koma sikirini ili bii. Zikatero munthu amangothamangira kunena kuti amugulitsa katundu wakufa, chonsecho nthawi zambiri palibe chafa ayi, mwina RAM sinalowe mpaka kumapeto, mwina waya wa monitor walowa pa motherboard m'malo mwa pa graphics card, mwinanso BIOS, kapulogalamu ka mu motherboard kodzutsa makina, ndi yakale moti sikuidziwa CPU yomwe mwaikayo. Ndiye njira yomwe ndikuonetseni apa ndi yoyamba kuyatsira makinawo pa tebulo asanalowe mu kesi, kuti china chikavuta muchione msanga, osati mwamanga kale ma screw onse ndiye muyambenso kumasula.

Chitsanzo changa ndi CPU ya AMD ya Ryzen 5 5600, motherboard ya B550, RAM ya DDR4 ndi graphics card ya RX 6600 kapena RTX 3060, chifukwa zimenezi zimapezeka ngakhale za second hand ndipo zimakoka EA FC, GTA V, Fortnite ndi Valorant pa 1080p popanda kudandaula. Pomwe Intel kapena AM5, soketi ya CPU zatsopano za AMD, ikusiyana ndizinena.

## Zida zoti mukhale nazo

- CPU ndi cooler yake. Ryzen 5 5600 ya m'bokosi imabwera ndi cooler yotchedwa Wraith Stealth, koma ya second hand funsani ngati ilipo
- motherboard, yomwe ndiziitchula kuti bodi
- RAM ziwiri za 8GB, za liwiro la 3200
- SSD ya M.2 NVMe, 1TB ngati thumba likulola
- graphics card
- power supply ya 550W kapena 650W
- kesi yokhala ndi fani kutsogolo ndi kumbuyo
- monitor, kiyibodi, mouse, waya wa HDMI kapena DisplayPort
- UPS, batire yosungira makina magetsi akathima

Zogwirira ntchito si zambiri: screwdriver ya star yokhala ndi maginito kunsonga, ina yaying'ono ya ka screw ka M.2, fulashi ya 8GB kapena kuposa, thermal paste yopaka pakati pa CPU ndi cooler, tochi, ma cable tie, kambale koikamo ma screw, ndi kabuku ka motherboard. Kabukuka musakanyoze, ngati kanasowa kadawunilodeni pa webusaiti ya kampani yake musanayambe.

## 1. Musanapereke ndalama, onani ngati zidazo zikugwirizana

Apa ndi pomwe ndalama zambiri zimatayika. CPU iliyonse ili ndi soketi yake, malo omwe imakhala pa bodi. Ryzen 5 5600 ndi ya AM4, ndiye ikufuna bodi ya B450, B550, A520 kapena X570, ndipo AM4 imayendera DDR4 basi. Ryzen 7000 kupita m'tsogolo ndi AM5, yomwe inatuluka mu 2022, ndipo imafuna DDR5 yokhayokha. Intel ya 12th, 13th ndi 14th gen ndi LGA1700 koma kumeneku samalani chifukwa mabodi ake ena ndi a DDR4 ena a DDR5, werengani dzina la bodiyo mpaka kumapeto. DDR4 ndi DDR5 zimaoneka zofanana koma kampata kake sikali malo amodzi, ndiye imodzi singalowe pa slot ya inzake ngakhale mukanikize bwanji.

Chachiwiri, Ryzen 5 5600 ilibe graphics mkati mwake, chimodzimodzinso Intel iliyonse yothera ndi F ngati i5-12400F. Popanda graphics card simuona chilichonse pa sikirini. Ngati mukufuna kumanga pang'onopang'ono, card mudzagule mwezi wina, tengani 5600G, imeneyo ili nayo.

Chachitatu ndi kukula. Bodi ya ATX ndi 305mm kwa 244mm, ya micro-ATX ndi 244mm mbali zonse, ndiye yaikuluyo silowa mu kesi yaing'ono. Onaninso kutalika kwa graphics card ndi malo omwe kesi ikulola, zonse zimalembedwa mu mm.

Power supply ndiye ndichedwepo pang'ono. Anthu amawononga ndalama zonse pa graphics card kenaka n'kutola power supply yopanda dzina yolembedwa 600W yopepuka m'manja, eti bola ikuyaka. Imeneyo ikafa siifa yokha, imatha kutenga bodi ndi card yomwe. Tengani ya kampani yodziwika, Corsair, Seasonic, Cooler Master, be quiet!, yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus Bronze kapena kuposa, ndipo muonetsetse kuti ili ndi waya wa PCIe wa 6+2, wopita ku graphics card. RX 6600 imadya 132W, RTX 3060 imadya 170W, ndiye 550W yabwino ikukwana. Kwa ine kuli bwino kutsika pa card kusiyana ndi kutsika pa power supply.

Card ya second hand musagule yosayesa. Wogulitsayo aiike mu makina, mutsegule pulogalamu ya GPU-Z muone ngati dzina ndi memory zikugwirizana ndi zomwe akunena, kenaka muyendetse FurMark, pulogalamu yolemetsa card, mphindi khumi mukuyang'ana ngati sikirini ikutulutsa timadontho kapena mizere. Dziwaninso kuti RX 580 yolembedwa 2048SP yomwe yadzaza pa intaneti motchipa ija mphamvu yake ndi ya RX 570.

## 2. Konzani malo

Tebulo lathabwa, kowala, kopanda kapeti. Gwirani chitsulo cha kesi pafupipafupi kuti magetsi a m'thupi achoke. Bodi muitulutse muigoneke pamwamba pa katoni yake, ndipo muziigwira m'mbalimbali.

## 3. CPU

Pa AM4, kokerani kachitsulo ka pambali pa soketi kunja pang'ono n'kukadzutsa kaime. Pa ngodya imodzi ya CPU pali ka triangle kagolide, pa soketi palinso ka triangle, zilunjikitseni kenaka mungoisiya CPU igwere yokha. Ikakhala pansi mofanana mbali zonse tsitsani kachitsulo kaja.

Chenjezo: osakanikiza. Ngati sinalowe yokha ndiye kuti yatembenuka kapena pini ina yapindika, itulutseni muyang'ane ndi tochi. Pa AM4 mapini ali pa CPU, pa Intel ndi AM5 mapini ali mu soketi ndipo ndi osachedwa kupindika, chala chisafikemo. Kachivundikiro kakuda kapulasitiki ka pa soketi zimenezi musakachotse ndi dzanja, kamadumpha kokha mukamatseka, ndipo mukasunge chifukwa pobweza bodi amakafuna.

## 4. RAM

Bodi ya ma slot anayi, RAM ziwiri zipite pa slot yachiwiri ndi yachinayi kuwerengera kuchokera ku CPU, m'kabuku amalemba A2 ndi B2. Mukaziika moyandikana makina akhoza kuyaka koma mukhoza kutaya dual channel, kuyendera limodzi kwa RAM ziwirizo komwe kumaonjezera liwiro, ndipo Ryzen imamva kwambiri zimenezo mu magemu. N'chifukwa chakenso ziwiri za 8GB zimaposa imodzi ya 16GB.

Tsegulani timaloko ta kumapeto kwa slot, lunjikitsani kampata, kenaka kanikizani ndi zala ziwiri mbali zonse mpaka mumve kuti tha. Apa pokha mphamvu ikufunika, kuposa momwe mukuganizira. Mabodi ena ali ndi loko mbali imodzi yokha ndipo mbali yopanda lokoyo ndi yomwe imatsalira m'mwamba, ndiye weramani muyang'ane chapambali, golide wa RAM asamaoneke.

## 5. SSD

Gwiritsani slot ya M.2 yoyandikana ndi CPU. SSD ilowe mopendekeka, kenaka muitsitse n'kumanga ka screw kake osalimbitsa kwambiri. Zambiri ndi za saizi ya 2280, ndiye kamzati kake kakhale pa bowo lolembedwa 80 kapena 2280. Ngati bodi ili ndi chitsulo choziziritsa SSD, kunsi kwake kuli kapulasitiki kabuluu kapena koyera, kachotseni.

## 6. Cooler ndi paste

Wraith Stealth imamangidwa ndi ma screw anayi olowa mu chitsulo cha kuseri kwa bodi, ndiye masulani timapulasitiki tiwiri takuda tomwe tili pamwamba ndi pansi pa soketi koma chitsulo cha kuseri chija chisiyeni pomwepo. Cooler yatsopano imabwera ndi paste kale kunsi kwake, yotuwa, musaonjezere ina. Ngati ndi yogwiritsidwapo ntchito pukutani yakaleyo ndi isopropyl alcohol pa cooler ndi pa CPU pomwe, kenaka dontho limodzi pakati, kukula ngati njere ya nandolo. Cooler ikakanikiza imwaza yokha.

Mangani ma screw mopingasa, iyi pang'ono, ya ngodya yoyang'anizana nayo pang'ono, kumazungulira choncho mpaka onse alimbe. Mukalimbitsa imodzi mpaka kumapeto inzakeyo sifikanso pa bowo. Waya wa fani upite polembedwa CPU_FAN, osati SYS_FAN kapena CHA_FAN. Ma cooler ogula padera ambiri amakhala ndi kapulasitiki koonekera kunsi, kosavuta kuiwala, ndipo mukakasiya CPU iziotcha mpaka makina kumazima okha.

## 7. Yatsani pa tebulo

Sitepe iyi ndi yomwe ambiri amadumpha ndipo ndi yomwe ikupulumutseni. Bodi ikadali pa katoni, lowetsani graphics card pa slot yaitali ya pamwamba, mchira wachitsulo wa card ulendewere kunja kwa katoniyo. Lumikizani mawaya atatu ochokera ku power supply: wamkulu wa mapini 24 kumanja kwa bodi, wa CPU wa mapini 8 pa ngodya ya kumtunda kumanzere, ndi wa PCIe pa card.

Chenjezo lalikulu: waya wa CPU ndi wa PCIe onse ali ndi mapini 8 koma si amodzi. Wa CPU umagawika 4+4, wa card umagawika 6+2, ndipo nthawi zambiri amalembedwa pamutu pake. Ukakana kulowa musaukakamize.

Musanalowetse pulagi kukhoma yang'anani kumbuyo kwa power supply. Zakale zina, makamaka zochokera ku America, zili ndi ka switch kofiira ka 115 ndi 230. Magetsi athu ndi 230V, ndiye kakakhala pa 115 imaphulika nthawi yomweyo. Zatsopano zabwino zilibe ka switch kameneka, zimadzisinthira zokha. Ngati yabwera ndi pulagi ya ku South Africa ya mano ozungulira musavutike ndi adaputa yogwedera, gulani waya wa ketulo wa mano atatu athu aja.

Waya wa monitor ulowe pa card. Yatsani switch ya power supply, pezani m'kabuku mapini awiri olembedwa PWR SW kapena POWER SW, muwagunditse onse awiri ndi nsonga ya screwdriver kamphindi kochepa chabe. Mafani ayamba. Dikirani, kuyaka koyamba kumachedwa, ndipo pa DDR5 sikirini imatha kukhala yakuda mphindi zingapo makina akuyeza RAM, musazimitse. Logo ikatuluka dinani Delete kapena F2 mulowe mu BIOS, muone ngati CPU, 16GB yonse ndi SSD zikuoneka.

Ikapanda kutulutsa chithunzi, mabodi ambiri ali ndi timagetsi tinayi tolembedwa CPU, DRAM, VGA ndi BOOT, komwe katsalira koyaka ndi komwe kuli vuto. DRAM, zimitsani, zulani RAM zonse muyese imodzi yokha pa A2. VGA, zulani card muilowetsenso ndipo muone waya wake. BOOT si vuto panopa, ikungonena kuti sinapeze Windows. CPU, onani waya wa mapini 8, ndipo ngati uli bwino pitani pa sitepe yotsatirayi.

## 8. BIOS ikakhala yakale

Mabodi a B550 anatuluka pakati pa 2020, pomwe Ryzen 5 5600 inabwera mu 2022, ndipo B450 ndi yakale kuposa pamenepo. Ndiye bodi yomwe yakhalitsa mu shopu kapena ya second hand ikhoza kukhala ndi BIOS yosaidziwa CPU imeneyi, mafani azungulira koma chithunzi osabwera. Pa katoni yang'anani sitika yolembedwa Ryzen 5000 Desktop Ready.

Ngati bodi ili ndi kabatani ka flash kumbuyo, ASUS amati USB BIOS Flashback, MSI amati Flash BIOS Button, Gigabyte amati Q-Flash Plus, mukhoza kukonza nokha. Fometani fulashi pa FAT32, dawunilodani BIOS ya dzina lenileni la bodi yanu osati yofanana nayo, sinthani dzina la failo momwe kabuku kakunenera, pa MSI limakhala MSI.ROM, pa ASUS pali kapulogalamu kotchedwa BIOSRenamer kobwera limodzi ndi failoyo. Fulashi ilowe pa USB yolembedwa BIOS, mawaya a 24 ndi 8 akhale olumikiza, makina osayatsa, dinani kabatani kaja. Kagetsi kaziphethira kwa mphindi zingapo, kakasiya ndiye kuti zatha.

Izi muchite makina ali pa UPS kapena inverter. Magetsi akathima pakati pa ntchito imeneyi bodi ikhoza kukana kudzukanso. Bodi yopanda kabatani ikufuna mubwereke CPU yakale ya AM4 ngati Ryzen 5 3600 kuti mulowe mu BIOS muchitire mmenemo.

## 9. Kulowetsa mu kesi

Zayaka pa tebulo? Zimitsani, zulani card ndi mawaya, CPU, cooler, RAM ndi SSD zisiyeni pa bodi.

Yambani ndi kachitsulo kopyapyala kobowolabowola ka kumbuyo, I/O shield, kakanikizeni kuchokera mkati mwa kesi mpaka ngodya zonse zilowe, ndipo samalani kamacheka zala. Mabodi ena kamabwera komatiratu. Mukakaiwala ndiye kuti bodi itulukanso.

Kenaka timizati tamkuwa tomwe bodi imakhalapo. Kamzati kalikonse kakhale pomwe bodi ili ndi bowo, ATX nthawi zambiri ndi 9. Kotsala pomwe palibe bowo kachotseni chifukwa kakagunda kunsi kwa bodi kamachititsa short, ndipo bodi isamangidwe molunjika pa chitsulo cha kesi popanda timizatiti. Goneketsani kesi, tsitsani bodi mopendekeka madoko ake alowe mu shield, mangani ma screw mongogwira bwino osati mokakamiza.

## 10. Power supply ndi mawaya

Ngati kesi ili ndi mabowo kunsi, fani ya power supply iyang'ane pansi, koma kesiyo isakhale pa kapeti. Mawaya adutse kuseri n'kutulukira pa bowo loyandikana ndi komwe akupita. Wa CPU uja muyambe ndi umenewo chifukwa pakona pamene paja pamapanikiza zala.

Ngati power supply yanu ndi yozula mawaya, gwiritsani ntchito mawaya ake omwewo basi. A power supply ina, ngakhale akulowa bwinobwino, kalumikizidwe ka mkati kamasiyana ndipo amawotcha SSD ndi card.

## 11. Timawaya ta kutsogolo

Apa mpofunika tochi ndi kudekha. Timawaya ting'onoting'ono ta POWER SW, RESET SW, HDD LED ndi POWER LED timapita pa mapini a pansi kumanja kwa bodi, olembedwa F_PANEL, PANEL kapena JFP1. Tsatirani chithunzi cha m'kabuku. Ta mabatani tilibe kutsogolo kapena kumbuyo, ta LED tili ndi + ndi -, mukatembenuza kagetsi sikayaka koma palibe chowonongeka. HD AUDIO ipite pansi kumanzere. Waya wonenepa wa USB 3.0 ulowe mowongoka chifukwa mapini ake ndi ofewa zedi.

Mafani: akutsogolo azikokera mphepo mkati, wakumbuyo azitulutsa. Mphepo imatulukira mbali yomwe kuli timizati togwira mota ndi sitika ya fani.

## 12. Graphics card

Chotsani tizitseko tiwiri ta kumbuyo kwa kesi toyang'anizana ndi slot ya pamwamba, tsegulani loko ya slot, kanikizani card mpaka loko idzitsekere, mangani screw, lumikizani waya wa PCIe. Ngati card ikufuna mawaya awiri ndipo power supply ili nawo, ipatseni awiri osiyana m'malo mwa umodzi wa mitu iwiri. Ma card akuluakulu a RTX 40 ndi 50 ali ndi pulagi ya mapini 16, imeneyo ilowe mpaka pasatsale mpata ndipo musaipinde pafupi ndi mutu, yolowa mwatheka ndi yomwe imasungunuka.

## 13. Zosintha mu BIOS

RAM yolembedwa 3200 nthawi zambiri imayamba kuyenda pa 2133 kapena 2400 mpaka mutaiuza. Pezani XMP, yomwe imayendetsa RAM pa liwiro lake lolembedwalo, pa ASUS ya AMD amati DOCP, pa AM5 amati EXPO, muyatse. Yatsaninso Above 4G Decoding ndi Resizable BAR, CSM izime. Windows 11 imafuna chitetezo chotchedwa TPM 2.0, pa AMD ndi fTPM pa Intel ndi PTT, komanso yatsani Secure Boot chifukwa Valorant pa Windows 11 imakana popanda ziwirizi. F10 kusunga.

Makina akakana kuyaka mutayatsa XMP, zulani pulagi, chotsani kabatire kozungulira ka CR2032 pa bodi mphindi zochepa, kabwezereni, BIOS ibwerera mwakale.

## 14. Windows ndi madiraiva

Pa kompyuta ina pangani fulashi ndi Media Creation Tool ya Microsoft, Windows ndi ya ma GB angapo ndiye bandulo ikhale yokwana. Windows 10 inasiya kulandira chithandizo pa 14 October 2025, ikani 11. Ikapanda kuona Wi-Fi kapena LAN pakati pa kuinstola, lumikizani foni ndi waya muyatse USB tethering, nthawi zambiri imagwira. Mukalowa, ikani chipset driver ya AMD, kenaka ya card kuchokera ku AMD kapena Nvidia komweko, osati timapulogalamu tolonjeza kukupezerani madiraiva onse tija.

Pitani ku Settings, System, Display, Advanced display, musankhe refresh rate ya monitor yanu, kuchuluka kwa zithunzi zomwe imaonetsa pa sekondi. Anthu amagula ya 144Hz n'kukhala miyezi akusewera pa 60.

Pa nkhani ya data, gemu yomwe munagula pa Steam mukhoza kukopera foda yake kwa mnzanu yemwe ali nayo, muiike mu steamapps/common, mudine Install, Steam ipeza mafailowo n'kungodawuniloda zotsala.

## 15. Yesani kutentha

Tsegulani HWiNFO, pulogalamu yoonetsa kutentha kwa zida, sewerani gemu yolemera theka la ola. CPU ikumafika 90 pa gemu chabe ndiye kuti cooler sinakhale bwino kapena kapulasitiki kaja katsalira. Makina akumazima mwadzidzidzi gemu ikafika povuta, kayikirani power supply. Sikirini yabuluu pafupipafupi, yendetsani MemTest86 muyese RAM.

## Kukweza makina omwe muli nawo kale

Ambiri kuno timayambira pa Dell OptiPlex kapena HP zochoka m'maofesi, ndipo zikhoza kusewera, koma dziwani malire ake. Zambiri zili ndi power supply yaing'ono yopanda waya wa PCIe, mapulagi ake ndi a kampaniyo yokha osati a mapini 24, ndiye simungangosintha ndi ina iliyonse. Chotheka ndi card yosafuna waya, yodya zosapitirira 75W zomwe slot imapereka, monga GTX 1650 yopanda pulagi kapena RX 6400, ndipo kesi ikakhala yopyapyala ija card ikhale yaifupi msinkhu, ya low profile. Onjezerani RAM yachiwiri ndi SSD, pamenepo mwafika pomwe makinawo angafike. Kuthira ndalama zoposa apo kuli bwino kusungira bodi yatsopano.

Posintha card, makamaka kuchoka ku Nvidia kupita ku AMD kapena mosemphanitsa, chotsani madiraiva akale ndi pulogalamu ya DDU mu Safe Mode ya Windows. Pozula card yakale dinani kaye loko ya slot, anthu amazula ndi slot yomwe.

Posintha CPU pa AM4, pangani update ya BIOS CPU yakale ikadali momwemo. Kenaka yendetsani makina atenthe pang'ono, zimitsani, masulani cooler n'kuipotoza uku ndi uku musanakoke. Paste youma imamata kwambiri moti mukangokoka mowongoka CPU imatuluka limodzi ndi cooler, mapini n'kupindika.

Magetsi okongoletsa alipo mitundu iwiri, RGB ya 12V ya mapini anayi ndi ARGB ya 5V ya mapini atatu. Ya 5V ikalowa pa 12V imapsa pompo.

Overclock, kuthamangitsa CPU kapena card kuposa liwiro lake, pa makina ngati awa sindiiona phindu, makamaka mu October kukutentha. Kutsitsa voltage ya card pang'ono mu AMD Adrenalin kapena MSI Afterburner ndiye kumathandiza, kutentha ndi phokoso zimatsika ma FPS, zithunzi zomwe gemu ikutulutsa pa sekondi, osasintha kwenikweni. Tsitsani pang'onopang'ono mukuyesa gemu, ikayamba kudzitsekera bwererani sitepe imodzi.

## UPS ndi fumbi

UPS muziyang'ana ma watt osati VA yokha. Zambiri za 650VA zimapereka pakati pa 300W ndi 400W, zomwe ndi zothina kwa makina awa ndi monitor gemu ili mkati, 1000VA kupita m'mwamba ndiye muli ndi mpata. Ntchito yake ndi kukupatsani nthawi yosevera n'kuzimitsa bwino, osati kumaliza mpira. Magetsi akathima zulani pulagi kukhoma, pobwera paja ndi pomwe zinthu zimapsa.

Kesi ikhale pa tebulo kapena pa thabwa osati pansi penipeni. Nyengo ya fumbi tsukani masefa pafupipafupi, mkati mupemerere ndi blower makina atazima, mutagwira mafani ndi chala kuti asazungulire.

## Zolakwika zomwe zimabwerezedwa

- Waya wa monitor pa motherboard pomwe card ilipo. Yambani kuona apa musanamasule kalikonse.
- Switch ya kumbuyo kwa power supply ili pa O.
- RAM yolowa mbali imodzi, kapena ziwiri zoyandikana.
- Kuiwala waya wa CPU wa mapini 8, bodi imayatsa magetsi ake koma osapitirira.
- POWER SW pa mapini olakwika. Ngati ikuyaka ndi screwdriver koma ndi batani ayi, vuto ndi limeneli.
- Kamzati kotsalira kunsi kwa bodi. Chizindikiro chake ndi makina omwe anayaka pa katoni koma mu kesi akungogwedeza mafani n'kuzima.
- Kusakaniza RAM za mitundu yosiyana kenaka XMP n'kumakana. Zimatheka nthawi zina, koma zonse zimatsikira pa liwiro la yochedwayo.
- Kuinstola Windows hard disk yakale ili yolumikiza, mafailo oyatsira makina amatha kupita pa yakaleyo ndiye tsiku lomwe mudzaichotse Windows sidzayaka. Izuleni kaye, muibwezere mukamaliza.
- Kusintha zinthu zitatu nthawi imodzi pofufuza vuto. Sinthani chimodzi, yatsani, onani, kenaka china.
- Kutaya makatoni ndi malisiti sabata yoyamba. Chida chobwera ndi vuto chimaonekera masiku oyambirira omwewa, ndipo wogulitsa adzafuna bokosi lake ndi serial number yogwirizana.